Nkhokwe Yokiyidwa: Chifukwa Chake Zipatso za Kafukufuku Sizibwerera kwa Eni Ake

Mau Oyamba

Boma la Ntcheu ndi limodzi mwa madera amene akatswiri a kafukufuku akhala akuwayendera kwa nthawi yaitali. M'zaka za m'ma 1930 mai wina wa ku Mangalande, Margaret Read, adakhala pakati pa Angoni a kuno ndi a ku Mzimba, nafunsa akuluakulu za mbiri yao, za ufumu wao ndi za kaleredwe ka ana. Zimene adamva adazisindikiza ku London mu 1956 m'buku lotchedwa The Ngoni of Nyasaland. Patapita zaka zambiri, kuyambira mu 2012, akatswiri a zaulimi a ku Bunda ndi a ku Michigan State University adayala minda yoyeserapo ku Nsipe ndi ku Kandeu, pofuna kuona ngati kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza kungabwezeretse chonde m'nthaka yoguga. Akuluakulu aja adapereka mau ao, alimi adapereka minda ndi thukuta lao.

Tsono tifunse funso. Mphunzitsi wa kwa Inkosi Champiti, kapena katekisiti, kapena mnyamata wa ku seminale amene ali kwao pa tchuthi, atafuna kuwerenga zimene zidalembedwa za makolo ake ndi za nthaka ya kwao, angazipeze kuti? Kawirikawiri sangazipeze, ndipo akazipeza sangathe kuzigula, kapena zili m'chinenero chimene anthu ake sachimva. Nkhani ino ikulongosola zopinga zimene zimachititsa izi, ndi kuonetsa kuti muzu wake weniweni si umphawi wokha ai, koma njira imene timapimira ndi kulemekezera anthu ophunzira. Nkhaniyi ikutikhudza ifenso, pakuti m'maseminale mwathu timalemba, timaphunzitsa, ndipo timatumiza ansembe kunja kukachita maphunziro ozama.

M'mene Magazini a Akatswiri Amayendera

Magazini oyamba a akatswiri adatuluka mu 1665, ina ku Paris, ina ku London. Cholinga chake chidali chabwino ndithu: munthu akatulukira kanthu katsopano, anzake akutali amve msanga, akayese, ndi kumudzudzula ngati walakwa. Mpaka lero katswiri akamaliza kafukufuku wake amalemba nkhani naitumiza kwa mkonzi wa magazini. Mkonziyo amaipereka kwa akatswiri ena awiri kapena atatu kuti aiunike, ndipo akaivomereza imasindikizidwa.

Chimene anthu ambiri sadziwa ndi chakuti wolemba nkhaniyo salandira kanthu kuchokera kwa eni magazini, ndipo oiunika aja nawonso salipidwa. Malipiro ao amachokera ku mayunivesite, ndiye kuti ku misonkho ya anthu, kapena ku mabungwe othandiza. Kwa zaka zambiri wolemba ankasainiranso chikalata chopereka umwini wa nkhani yake kwa osindikiza. Pambuyo pake laibulale ya yunivesite yomweyo inkayenera kulipira ndalama chaka ndi chaka kuti aphunzitsi ake awerenge zimene adalemba okha. Zili ngati mlimi amene walima chimanga m'munda mwake, anansi ake namthandiza kukolola, iye napereka chimanga chonse mwaulere kwa mwini nkhokwe. Njala itavuta, apita ndi ndalama kukagula chimanga chake chomwe.

Eni nkhokwewo ndi owerengeka. Kafukufuku amene Vincent Larivière ndi anzake a ku Montreal adatulutsa mu 2015 adaonetsa kuti pofika 2013 makampani asanu okha ndiwo ankasindikiza kuposa theka la nkhani zopezeka m'kaundula wamkulu wa magazini a akatswiri. Ena mwa iwo ndi Elsevier, Springer, Wiley ndi Taylor & Francis. Phindu la Elsevier lakhala likupyola 30 peresenti ya ndalama zimene amatolera. Ndipo malonda ameneŵa alibe mpikisano weniweni, pakuti nkhani imene ukuifuna imapezeka m'magazini imodzi yokha. Sungakaigule kwa wina wotchipa monga uchitira ndi tomato pa msika wa Lizulu.

Chopinga Choyamba: Mtengo Wowerengera

Munthu wofuna nkhani imodzi yokha pa intaneti amauzidwa kawirikawiri kuti alipire madola 30 kapena 40, asadadziwe nkomwe ngati nkhaniyo imuthandiza. Laibulale yofuna magazini ambiri imalipira chaka ndi chaka, ndiponso imalipira m'ndalama zakunja. Tikakumbukira kuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tiona kuti mtengo umakwera kwa ife ngakhale wogulitsa asaukweze.

Sitinganene kuti palibe chimene chidachitika. Mu 2002 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, lidagwirizana ndi osindikiza kukhazikitsa HINARI, kuti maiko osauka aziwerenga magazini a zachipatala mwaulere. Mu 2003 bungwe la FAO lidayamba AGORA pa za ulimi. Makonzedwe ameneŵa, pamodzi ndi ena a zachilengedwe, zaluso ndi zamalamulo, tsopano amatchedwa Research4Life, ndipo Malawi ali m'gulu la maiko osalipira. M'chaka chomwecho cha 2003 malaibulale a m'dziko muno adapanga mgwirizano wa MALICO kuti azigula pamodzi, ndipo mu 2006 a JSTOR adatsegulira masukulu a mu Africa nkhokwe yao ya magazini akale.

Zonsezi nzothokoza, komabe zili ndi malire atatu. Poyamba, khomo limatsegukira bungwe, osati munthu: amene sali pa yunivesite, pa chipatala chachikulu kapena pa ofesi yovomerezedwa amakhala panja, ndipo mphunzitsi wathu wa kwa Champiti ali m'gulu limeneli. Chachiwiri, makonzedwewa adalunjika pa umoyo, ulimi ndi zina zotero. Maphunziro a zaumulungu ndi filosofi sadali pa mtima pa okonzawo. Chachitatu, ndi chifundo cha wogulitsa, osati ufulu wa wowerenga. Kumayambiriro kwa 2011 osindikiza ena adachotsa magazini pafupifupi 2,500 pa mndandanda wa HINARI ku Bangladesh, ndipo adabweza maganizo pokhapokha anthu atadandaula kwambiri. Chobwereka sichikhalitsa m'nyumba.

Chopinga Chachiwiri: Mtengo Wolembera

Intaneti itafika, akatswiri ambiri adaona kuti nkhani ikalembedwa kamodzi, kuifikitsa kwa wowerenga winanso sikudya ndalama. Mu 2002 ena mwa iwo adalengeza ku Budapest kuti zipatso za kafukufuku ziyenera kuwerengedwa ndi aliyense popanda kulipira, ndipo mu 2003 mfundo yomweyo idabwerezedwa ku Berlin. Pa Chingerezi amati open access. Adatchula njira ziwiri: wolemba aziika yekha nkhani yake m'nkhokwe ya pa intaneti ya yunivesite yake, kapena magazini yonse ikhale yotsegukira onse.

Makampani aja sadakane mpaka kalekale, koma adatembenuza malonda. Adati ngati wowerenga salipira, alipire wolemba. Motero khomo lowerengera litatseguka pang'ono, khomo lolembera lidayamba kutsekeka. Magazini yotchuka ya Nature idaika mtengo wa mayuro 9,500 pa nkhani imodzi kuyambira mu 2021. Ena amalipiritsa zocheperapo, komabe madola zikwi ziwiri kapena zitatu si zachilendo. Nzoona kuti osindikiza ambiri, ndi a Nature omwe, amakhululukira olemba a m'maiko osauka monga lathu. Koma chikhululukirochi sichipezeka m'magazini onse, malamulo ake amasiyana apa ndi apo, ndipo nachonso ndi chifundo chimene mwini angachichotse.

Pali zotsatira ziwiri zodetsa nkhawa. Choyamba, ndalama za kafukufuku ndi zosindikizira zikakhala m'manja mwa mlendo, dzina lotsogola pa nkhani limakhalanso la mlendo, ndipo Mmalawi amene adayenda m'midzi, namasulira mau a agogo, amapezeka pakati pa mndandanda kapena m'mau othokoza okha. Chachiwiri, padabuka magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse munthu akangolipira, popanda wochiunika. Jeffrey Beall wa ku Colorado ankasunga mndandanda wa magazini otere mpaka mu 2017. Amene amagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri ndi aphunzitsi achinyamata amene akufunitsitsa kuti dzina lao lioneke pa pepala.

Muzu wa Vuto: Kukwezedwa pa Udindo

Apa tafika pa funso lalikulu. Ngati zinthu zili chonchi, bwanji akatswiri sangosiya magazini odulawo ndi kumalemba m'magazini aulere a kwao? Yankho lake lili m'njira imene munthu amakwerera pa ntchito.

M'mayunivesite athu, monga m'maiko enanso, mphunzitsi sakwezedwa kufika pa upulofesa chifukwa cha kuphunzitsa bwino kokha. Komiti imawerenga nkhani zimene adasindikiza m'magazini ounikidwa, ndipo imafunsa kuti magaziniwo ndi otchuka bwanji. Kutchukako kuli ndi muyeso wake, wotchedwa impact factor, umene adauyambitsa Eugene Garfield wa ku America, ndipo wakhala ukutuluka chaka ndi chaka kuyambira mu 1975. Muyesowu umawerenga kuti nkhani zimene magazini ina idasindikiza m'zaka ziwiri zapitazo zatchulidwa kangati ndi olemba m'chaka chotsatira. Poyamba udali wothandiza malaibulale posankha zogula. Pambuyo pake udasanduka sikelo yopimira anthu. Ndipo magazini amene amawerengedwa ndi okhawo olembedwa m'makaundula monga Web of Science ndi Scopus, m'mene magazini a mu Africa ndi ochepa.

Taganizani za wansembe kapena mphunzitsi amene watha zaka zitatu akufufuza za maukwati a Chingoni ndi Chichewa m'midzi ya kwa Champiti. Ali ndi njira ziwiri. Angalembe kabuku ka Chichewa kamene ankhoswe, aphunzitsi a katekisimu ndi mafumu angawerenge ndi kukagwiritsa ntchito. Koma pa tsiku la komiti kabukuko sikalemera kanthu. Kapena angalembe masamba makumi awiri m'Chingerezi chovuta, nawatumiza ku magazini ya ku Ulaya imene palibe ndi mmodzi yemwe wa kwa Champiti adzaione, pamenepo adzakwezedwa. Munthuyu ali ndi abale omudalira ndiponso ntchito yoti aisunge. Tingamudzudzule bwanji akasankha njira yachiwiri?

Zikatero, nkhani zabwino zimapita kunja, magazini a kwathu amatsala ndi zotsalira, motero satchuka. Posatchuka, komiti imawanyoza. Powanyoza, nkhani zabwino zimapitanso kunja. Choopsa koposa nchakuti ngakhale mafunso a kafukufuku amayamba kusankhidwa molingana ndi zimene akonzi akutali akufuna kumva, osati zimene zikuwasowetsa tulo anthu a m'mudzi. Akatswiri ena adaliona vutoli, ndipo mu 2012 adalemba ku San Francisco chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti munthu aziweruzidwa poona zimene walemba, osati dzina la magazini. Mu 2021 maiko a m'bungwe la UNESCO adavomereza mfundo zofanana nazo. Koma chikalata sichisintha kanthu mpaka komiti ya pa sukulu iliyonse itasintha malamulo ake.

Chinenero

Ngakhale mitengo yonse itachotsedwa lero, khomo lina likadatsalabe. Nkhani zambiri za minda ya ku Nsipe ndi Kandeu zingawerengedwe mwaulere pa intaneti, ndipo akatswiri aja ankaitana alimi kudzaona minda ndi maso ao, zimene nzoyamikika. Komabe zolembedwazo zili m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo zimafuna magetsi, foni yabwino ndi ndalama zogulira intaneti. Kwa mai amene adabzala nandoloyo, nkhani yaulere ya Chingerezi ndi yotsekedwa chimodzimodzi ndi yogulitsa. Kutsegula kwenikweni kumafuna womasulira, ndipo ntchito yomasulira ndi imodzi mwa zimene komiti siiwerengera.

Kodi Nzeru ndi Katundu wa Yani?

Amene tidaphunzira filosofi timadziwa kusiyana kwa mitundu iwiri ya zabwino. Pali zimene zimachepa zikagawidwa: mtanda wa nsima ukadyedwa ndi mmodzi, wina saudyanso. Pali zina zimene sizichepa: ndikakuuza njira ya ku chitsime, ine sindiiwala. Augustine Woyera, kumayambiriro kwa buku lake la chiphunzitso cha Chikhristu, adaphunzitsa kuti chinthu chimene sichitha pochigawa, munthu akachisunga osachigawa ndiye kuti sadachigwire m'njira yoyenera. Thomas Aquinas Woyera naye adaona kuti kuunikira ena kumaposa kungowala, ndipo kupatsira ena zimene wasinkhasinkha kumaposa kusinkhasinkha kokha. Makolo athu adanena zomwezo mwachidule: kupatsa nkuika.

Eklezia amaphunzitsa kuti zabwino za dziko lapansi Mulungu adazikonzera anthu onse, monga tiwerengera m'chikalata cha Gaudium et Spes cha mu 1965. Papa John Paul II, mu Centesimus Annus ya mu 1991, adaonjeza kuti masiku ano chuma cha maiko chagona kwambiri pa nzeru ndi luso kuposa pa nthaka. Papa Benedict XVI, mu Caritas in Veritate ya mu 2009, adadzudzula maiko olemera chifukwa choumirira mopyola muyeso pa umwini wa nzeru, makamaka pa zaumoyo. Ngati nzeru ndiye munda wa makono, kuitchinga ndi mpanda ndi nkhani ya chilungamo.

Tisapitirire muyeso, komabe. Wantchito ayenera malipiro ake: mkonzi, wosindikiza ndi wosamala makina onse amadya. Funso si lakuti ndalama zisatuluke, koma lakuti atulutse ndani, zingati, ndipo phindu likhale ndi malire otani. Ndiponso kutsegula sikutanthauza kuulula zonse. Za kudambwe saulula, ndipo za m'chipinda cholapira sizilembedwa. Anthu amene adapereka nzeru zao ali ndi ufulu wonena zimene zingafalitsidwe ndi zimene ziyenera kukhala mwa iwo okha.

Zimene Zidatheka Kwathu Kuno

Sitiyenera kuyang'ana kutali kuti tione kuti njira ina ilipo. Bambo J.W.M. van Breugel, wa chipani cha White Fathers, adamaliza kafukufuku wake wa chipembedzo cha makolo a Achewa ku London mu 1976. Ntchitoyo idakhala m'laibulale ya kumeneko zaka 25, mpaka mu 2001 pamene idasindikizidwa muno m'Malawi ndi dzina lakuti Chewa Traditional Religion. Amene adaibweretsa ndi a Kachere Series, amene adayamba pakati pa zaka za m'ma 1990 m'dipatimenti ya zaumulungu ku Chancellor College ku Zomba, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Klaus Fiedler, Kenneth Ross ndi Bambo Joseph Chakanza. Iwo adatsimikiza kuti zofufuzidwa m'Malawi zisindikizidwe m'Malawi pa mtengo umene wophunzira angakwanitse, ndipo m'gulu la Buku la Mvunguti adatulutsanso mabuku m'zinenero zathu. Kunja mabukuwo amagulitsidwa kudzera mu African Books Collective ya ku Oxford, kotero kuti mlendo naye sadamanidwe.

Magazini ya Malawi Medical Journal imawerengedwa mwaulere ndi aliyense, ndipo idalowa m'makaundula a zachipatala a dziko lonse. Ichi chikutsutsa maganizo akuti chakwathu ndi chaulere sichingakhale chapamwamba. Imapezeka pa African Journals Online, nkhokwe imene idayamba mu 1998 ndipo imasunga magazini mazanamazana a mu Africa. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adayamba Kungoni mu 1976, ndipo zimene adaphunzira kwa Achewa, Angoni ndi Ayao adazibweza kwa eni ake m'nyumba ya Chamare, m'mene ngakhale wosadziwa kuwerenga amaziona ndi maso.

Tikumbukirenso kalata ya maepiskopi athu ya pa 8 Malichi 1992. Idasindikizidwa ku Balaka m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, niwerengedwa m'matchalitchi tsiku limodzi. Mfundo zake ophunzira ena ankazidziwa kale. Mphamvu yake idali yakuti zidafika m'makutu a anthu onse m'chinenero chao, popanda mtengo.

Chimene Tingachite

Sitingasinthe mitengo ya makampani a ku Amsterdam ndi ku Berlin, koma pali zina zimene zili m'manja mwathu.

Poyamba, wansembe aliyense wotumidwa kukaphunzira ku Roma, ku Nairobi kapena kwina kulikonse, pobwera azipereka kafukufuku wake ku malaibulale a ku Kachebere, ku St Peter's ku Zomba ndi ku yunivesite yathu ya ku Nguludi, pa pepala ndi pa kompyuta pomwe. Akhristu amene adasonkha kuti aphunzire ali nacho chifukwa choyembekezera zimenezi.

Chachiwiri, maseminale ndi yunivesite ya Katolika akhale ndi nkhokwe imodzi ya pa intaneti yotsegukira onse, m'mene zolemba za aphunzitsi, za ophunzira omaliza ndi magazini athu akale zingasungidwe. Mutu umodzi susenza denga. Ntchito imeneyi ndi yoyenera kuigwira pamodzi.

Chachitatu, tisanasaine chikalata cha osindikiza tizichiwerenga bwino, ndi kupempha kuti tisunge ufulu woika nkhani yathu m'nkhokwe ya kwathu ndi woimasulira m'Chichewa. Osindikiza ambiri amalola, ngakhale ena amati padikire miyezi ingapo.

Chachinai, aliyense wochita kafukufuku m'mudzi abwerereko akamaliza, akafotokoze pabwalo zimene wapeza, ndi kusiya masamba angapo a Chichewa kwa mfumu, ku sukulu ndi ku parishi. Pamenepo eni ake angamkonze pamene adamva molakwa.

Chachisanu, ndipo ichi ndicho chogwiriziza zina zonse: m'masukulu amene ali m'manja mwa Eklezia, malamulo okwezera aphunzitsi asinthe. Buku losindikizidwa ku Zomba, ku Balaka kapena ku Mzuzu, nkhani ya m'magazini ya kwathu younikidwa bwino, ntchito yomasulira, ndi ntchito younika zolemba za ena, zonsezi ziziwerengedwa. Komiti iziwerenga nkhaniyo, osati chikuto chake chokha. Ichi sichitanthauza kuchepetsa muyeso ai. Magazini athu ayenera kukhala okhwima pounika, otuluka pa nthawi yake, ndi olimba mtima kukana zosapsa.

Mau Otsiriza

Munthu amalima kumene akudziwa kuti adzakolola. Malinga ngati ulemu ndi udindo zikupezeka pokhapokha munthu akalembera alendo m'nkhokwe zokiyidwa, ophunzira athu adzapitirira kutero, ngakhale tiwalalikire motani. Inu abale amene mukukonzekera unsembe, ena mwa inu mudzakhala aphunzitsi, akonzi, ndi mamembala a makomiti amene tatchulawa. Tsiku limenelo likadzafika, pa mafunso amene mudzafunse za ntchito ya mnzanu, mudzaonjezepo limodzi: kodi anthu amene adapereka nzeru zimenezi angathe kuziwerenga?